Kalata Yotseguka: Ndi Lamulo Liti Limati Tizivulidwa Mudepoti?

Kwa a Nduna ya Zachilungamo, a Nduna ya Zamaphunziro, a Nduna ya Zaumoyo, Mkulu wa Apolisi, ndi aphungu onse a Nyumba ya Malamulo,

Olemekezeka nonse,

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndalemba ndekha m'malo modikira kuti a mabungwe akandilankhulire m'Chingerezi kuhotela. Ndili ndi zaka 23. Ndidabadwira ndi kukulira ku Kawale, ndipo ndimakonza mafoni pakabenchi kena ku Old Town. Chiphaso cha msika ndimadula m'mawa uliwonse, pachisankho ndidakaima pamzere ngati wina aliyense, chitupa cha unzika chili m'thumbamu. Dzina lokha ndiye sindilemba. Mayi anga amagulitsa tomato ndi anyezi pamalo pomwe aliyense amawadziwa, ndipo nyumba yomwe tikukhala ndi ya lendi.

Tsiku lomwe ndidabadwa azamba adati ndi mtsikana, ndipo adanena zomwe adaona. Koma chiyambire kuzindikira sindidadzimvepo kuti ndine mkazi, komanso sindilakalaka kukhala mwamuna. Pa intaneti anthu ngati ine timadzitchula kuti non-binary, ena amangoti trans. Ku Kawale ali ndi mayina awo onditchulira, oti sindingawalembe m'kalata yopita kwa akuluakulu. Musandisokoneze ndi anzathu amene amabadwa ndi ziwalo zosaoneka bwino kuti n'zachimuna kapena zachikazi. Amenewo ali ndi mtanda wawo ndipo nawonso muwamve, koma yanga ndi nkhani ya m'mene munthu amadzimvera mkati mwake. Si nkhani ya yemwe ndimagona naye ayi. Pakali pano ndilibe ngakhale chibwenzi.

Ndanena msanga zimenezi chifukwa ndikudziwa komwe maganizo a ambiri athamangira kale. M'dziko muno anthu ngati ine tikangotchulidwa, nkhani imakhotera ku ukwati. Pa 13 Julayi 2023 khwimbi la anthu lidayenda m'misewu ya mzinda uno ndi ya ku Blantyre motsogozedwa ndi akuluakulu a mipingo ndi a Chisilamu, zikwangwani zikukana maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Chonsecho mlandu umene udali kukhoti nthawiyo sudali wa ukwati, udali wofunsa ngati n'koyenera kumanga anthu. Ine ukwati sindikuupempha. Ndikupempha zoti mwana wonga ine amalize sukulu, alandire mankhwala akadwala, adutse mudepoti zovala zili m'thupi, ndipo akamenyedwa apolisi alembe sitetimenti.

Kupulayimale kudalibe vuto. Pa nthawi yopuma atsikana ankasewera fulaye, anyamata mpira wachikulunga, ine ndinkalowa konsekonse, akuluakulu n'kumangoseka kuti ameneyu adalakwika kubadwa mkazi. Mwana wamng'ono anthu amamulekerera. Zidasintha nditatha msinkhu. Mabere atayamba kutuluka ndinkayenda chowerama, nditavala juzi ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Amayi a kumpingo adandikhazika pamphasa kundilanga: kakhalidwe pamaso pa amuna, kamangidwe ka chitenje, kasungidwe ka banja m'tsogolo. Malangizo ena adali abwino ndipo ndimawatsata mpaka lero, monga a ukhondo ndi a ulemu kwa akulu. Koma nthawi yonseyo ndinkamva kuti akulanga munthu wina, ine ndangomukhalira pamalo. Nditafika kunyumba ndidalira osadziwa chondiliza, mayi n'kumayesa ndi manyazi a unamwali.

Kusekondale yoyendera siketi ya yunifolomu ndinkaiyendetsa m'chikwama. Ndikafika kuseri kwa mpanda wa sukulu ndinkaivala pamwamba pa kabudula, poweruka n'kuivulira pomwepo. Tsiku lina mphunzitsi wina adandipezerera. M'mawa mwake pa asembule adandiimika kutsogolo n'kupempha sukulu yonse kuti imuthandize kudziwa ngati ndine mnyamata kapena mtsikana. Ana adafa nacho chiseko, aphunzitsi ena adangozolika. Kuchokera tsikulo chimbudzi cha pasukulu ndidasiya kulowamo, chifukwa kwa atsikana ankakuwa ndikangotulukira, kwa anyamata ndiye kosayerekeza n'komwe. Nzeru yomwe ndidapeza idali yosamwa madzi kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ine ndidapirira, mayeso a Fomu 4 ndidalemba n'kukhoza. Mnzanga wina, wobadwa mnyamata koma woyenda ndi kulankhula mwachitsikana, adalekezera Fomu 2 atatopa ndi zibakera za kuseri kwa makalasi. Mukamawerenga ana osiya sukulu, a Nduna, ameneyo mumamuika pamodzi ndi osowa fizi, koma fizi adali nayo.

Mu Juni 2021 kagulu ka anthu kadayenda m'misewu ya Lilongwe motsogozedwa ndi bungwe la Nyasa Rainbow Alliance, n'kukapereka chikalata cha madandaulo ku khonsolo ya mzinda. Ambiri adabisa nkhope m'mamasiki. Pamenepo Covid idathandizako. Ine sindidali nawo, ndidangoona zithunzi pafoni, koma aka kadali koyamba kuona ndi maso kuti mumzinda muno sindili ndekha. Chaka chomwecho ndidawauza mayi.

Udali usiku, magetsi atathima, tikusankha nyemba ndi tochi ya foni. Mdimawo ndidausankha dala kuti ndisaone nkhope yawo. Ndidati, "Amayi, ine sindidzakwatiwa, ndipo musamadikire kuti ndisintha. Sindine mtsikana m'mene mumaganiziramo." Adakhala duu nthawi yaitali, nyemba zili m'manja. Kenako adangofunsa kuti, "Nanga anthu adzati ndidalera bwanji?" Sadandimenye, sadandipirikitse. Adatumiza uthenga kumudzi kwa atsibweni, eni mbumba. Atsibweni atafika adagamula kuti ndi ziwanda, n'kunditengera kwa mneneri wina wopempherera anthu paphiri. Ndidasala kudya, ndidadzozedwa mafuta, ndidakankhidwa pamphumi mpaka kugwa. Nditabwerako ndili yemwe uja, msuweni wanga wina adanena pagulu kuti vuto langa n'loti sindidalawepo mwamuna, ndipo iye akudziwa anyamata oti angandichize usiku umodzi. Anthu adaseka. Ine kuyambira pamenepo ndinkagona nditatsamiritsa mtondo kuchitseko. A Mkulu wa Apolisi, mawu amenewa ndi oopseza kugwiririra munthu. Ife obadwa ndi thupi lachikazi timawamva kawirikawiri, kuchokera kwa abale enieni, ndipo kwa ena sizithera pa mawu.

Mayi sadanenepo kuti ndakumvetsa, inenso sindiwakakamiza. Koma Loweruka lina adachokera kokaunjika ku Tsoka ndi shati yachimuna yamizeremizere, n'kuiika pabedi panga osanena kanthu. Idandikwana ndendende, kusonyeza kuti adaima pamulu paja akutambasula shati imodziimodzi, kuyeza mapewa anga ndi maso. Inenso pamaliro ndimamanga chitenje pamwamba pa thalauza n'kukathandiza kutereka mapoto pamodzi ndi amayi, chifukwa pamaliro si poonetsera za ine, ndipo iwo amadziwa kuti ndimachitira iwo. Tidapangana chomwecho popanda kukhalirana pansi. Za m'nyumba mwathu tsono musade nazo nkhawa, tikuzitha tokha. Zomwe mayi sangazithe ndi za kunja kwa mpanda, ndipo kumeneko ndi kwanu.

Madzulo ena ndikudutsa mudepoti, anyamata oitanira minibasi adayamba kutsutsana okhaokha. Wina akuti "asisi, tiyeni Kawale," wina akuti "iwe, ameneyu ndi mani." Adabetcherana ndalama. Kenako adaganiza zotsimikiza. Adandizinga, wina n'kugwira lamba, wina shati, mabatani n'kuthothoka, bandeji yomwe ndimamanga pachifuwa n'kuonekera. Mafoni adali m'mwamba kujambula. Adandilanditsa ndi mayi wina wogulitsa nthochi, amene adamasula chitenje chake chapamwamba n'kundifunditsa uku akuwakalipira kuti kodi mulibe amanu inu. Nditapita kupolisi ina kukadandaula, wapakauntala adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kundifunsa funso lomwe lija la anyamata a mudepoti. Adaitana anzake kuti adzaone. Mmodzi adati ndithokoze kuti sakunditsekera, chifukwa zomwe ndimachitazi n'zoletsedwa. Ndidafunsa kuti zoletsedwa ndi gawo liti. Sadandiyankhe, ndipo sitetimenti sadalembe.

Funso limenelo ndalibweretsa kwa inu, a Nduna ya Zachilungamo. Magawo a Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, amene amatchulidwatchulidwa aja ndidawawerenga ndekha. Gawo 153 limalanga kugonana komwe limati n'kosemphana ndi chilengedwe, ndipo chilango chimafika zaka 14. Gawo 154 ndi la kuyesera kuchita zimenezo, zaka 7. Gawo 156 ndi la zomwe limati zonyansa pakati pa amuna okhaokha, zaka 5, ndipo gawo 137A, lomwe aphungu adawonjezera mu Disembala 2010, lidafikitsa chilango chomwecho kwa akazi okhaokha. Onsewa akunena za mchitidwe wa kuchipinda. Palibe ndi limodzi lomwe loti wobadwa mkazi asavale thalauza, asamete tsitsi, asamange chifuwa, kapena loti aziyankha aliyense wofuna kudziwa zomwe zili m'kabudula mwake. Kukhala m'mene ndililimu si mlandu m'malamulo a Malawi. Koma wapakauntala uja sadziwa zimenezo, kondakitala sadziwa, mphunzitsi sadziwa. Chomwe adamva n'choti pali anthu ena ake oletsedwa, ndipo poti za kuchipinda sangazione, amaweruzira kayendedwe, mawu ndi shati. Amene timaonekera patali ndi ife, ndiye mkwapulo wa magawo amenewa umayambira pamsana pathu.

Lamulo la zovala dziko lino lidali nalo, ndipo tidalitaya tokha. Mu 1973 boma la Kamuzu lidaletsa amayi kuvala thalauza ndi siketi yosabisa mawondo, amuna nawo ankaletsedwa tsitsi lalitali. Lamulo la zovalalo lidachotsedwa pomwe dziko linkalowa m'ulamuliro wa zipani zambiri. Mu Januwale 2012 mavenda ena mumzinda uno ndi ku Blantyre adayamba kuvula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi pamsewu. Dziko lidakwiya. Amayi adasonkhana ku Blantyre, mayi Joyce Banda, omwe nthawiyo adali wachiwiri kwa pulezidenti, ali pomwepo. Bingu wa Mutharika adanena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala zomwe akufuna, apolisi n'kugwira ena mwa ovula anzawo aja. Sipadafunike bilu, sipadafunike bajeti. Akuluakulu adangotsekula pakamwa, mchitidwewo n'kuzilala. Zomwe zidandichitikira mudepoti n'zomwezo, thalauza lake ndi lomwelo, manja ake ndi omwewo. Kusiyana kwake n'koti palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene adaimapo n'kunena kuti ifenso tisamavulidwe.

Malamulo aakulu a dziko lino adanena kale. Gawo 19 limati ulemu wa umunthu wa aliyense suyenera kuphwanyidwa. Gawo 20 limaletsa tsankho la mtundu uliwonse. Gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo kusechedwa m'thupi, ndipo gawo 25 limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Ndidafufuza poti mwina adalembapo kuti kupatula wosadziwika bwino ngati ndi mnyamata kapena mtsikana, sindidapapeze.

Ndiye a Mkulu wa Apolisi, kuchokera ku Area 30 komweko lembani kalata yopita ku mapolisi onse, yoti iwerengedwe pa peredi. Inene kuti kavalidwe ndi kaonekedwe ka munthu si mlandu. Kuti wovula mnzake pagulu amangidwe posayang'ana kuti wovulidwayo ndani. Kuti wodandaula asasanduke woimbidwa mlandu chifukwa cha shati yake. Kuti wapolisi asavule munthu pofuna kungokhutiritsa chidwi chake. Maofesi a Victim Support Unit alipo kale m'mapolisi, ongofunika kuuzidwa kuti khomo lawo ndi lathunso. Ganiziraninso za komwe mumatsekera anthu ngati ife tikalakwa, pakuti nafenso timalakwa ngati wina aliyense. Jana Gonani, yemwe amadziwika ndi kukhala ngati mkazi, khoti la ku Mangochi lidamugamula zaka 8 mu Disembala 2021 ndipo adakamuika m'ndende ya amuna. Aliyense wodziwa kuthithikana kwa m'ndende zathu akudziwa tanthauzo la zimenezo. Woweruza amagamula zaka, sagamula kuti munthu azikagwiriridwa.

A Nduna ya Zamaphunziro, inu njira mudaiona kale. Ana a Chirasta adakhala zaka akubwezedwa pageti chifukwa cha tsitsi, mpaka mu Meyi 2023 pomwe khoti lalikulu ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, lidalamula kuti alandiridwe m'sukulu za boma ndi madiredi awo. Sukulu sizidagwe. Kodi n'kofunika kudikiranso khoti kuti mwana aloledwe kusankha pakati pa siketi ndi thalauza la mtundu womwewo wa yunifolomu? Atsikana ambiri amene alibe nkhani ngati yanga angakuthokozeni m'mwezi wa Juni, makamaka oyenda panjinga. Koma chachikulu kuposa yunifolomu ndi mphunzitsi. Mphunzitsi akamuseka mwana pa asembule, wapereka chilolezo kwa sukulu yonse. Sindikupempha kuti muphunzitse ana za ife m'kalasi, ndikudziwa phokoso lomwe lingabuke. Ndikupempha kuti kuchititsa mwana manyazi chifukwa cha kayendedwe kapena mawu ake kukhale kulakwa komwe mphunzitsi angayankhe, monga momwe zilili ndi kumenya.

Kuchipatala ndidapitako chifuwa chikundiwawa. Bandeji ikamangidwa mothina tsiku lonse imapweteka nthiti, imabanikitsa, nthawi yotentha imatupitsa khungu. Ndimafuna wachipatala andiuze kamangidwe kosavulaza. Amene ndidamupeza adatsekula kabuku kanga, n'kundiyang'ana, n'kutuluka. Adabwera ndi anzake awiri opanda chochita m'chipindamo. Ndidalandira ulaliki, kenako panado. Papita nthawi ndisadapondekonso, ndipo ndikadwala ndimangogula mankhwala kufamase. A Nduna ya Zaumoyo, sindikupempha mahomoni kapena maopaleshoni. Ndikudziwa kuti masiku ena ngakhale mankhwala a malungo amavuta. Koma dziwani kuti anzanga ena obadwa amuna akumwa mapiritsi olera mwachimbulimbuli pofuna kusintha thupi, popanda wowayeza magazi kapena wowachenjeza, chifukwa amaopa benchi ya kuchipatala kuposa mapiritsiwo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidavomereza mu 2019 kuchotsa nkhani ngati yangayi m'gulu la matenda a misala, ndipo mndandanda watsopanowo udayamba kugwira ntchito mu 2022. Anamwino ndi madokotala amene akuphunzira lero auzidwe zimenezi. Ndondomeko za boma zolimbana ndi HIV zimatchula kale amuna ogonana ndi amuna anzawo ngati gulu lofunika kulifikira, ndiye musanene kuti unduna sudziwa kuti anthu otere alipo. Ambiri tinkadalira timalo ta mabungwe komwe ankatilandira osatifunsa zambiri, koma boma la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025 ntchito zambiri zotere zidaima. Tatsala ndi chipatala cha boma, chomwe n'chathu kale.

Za chitupa ndinena mwachidule. Chiyambire kalembera wa 2017, pomwe bungwe lolembetsa nzika la NRB lidalemba anthu oposa 9 miliyoni, popanda chitupa sulembetsa simu, sutsekula akaunti, suvota, sugula feteleza wotsika mtengo. Changa chidalembedwa F, kutanthauza mkazi. Kubanki ina adandibweza kuti ndabwera ndi chitupa cha mchemwali wanga, chonsecho chithunzi ndi changa, zidindo za zala ndi zanga. Ine sindikuumirira chilembo chachitatu lero. Ndikungofuna ogwira ntchito auzidwe kuti chomwe akutsimikiza ndi nkhope ndi zala. Koma kwa anzanga amene moyo wawo wonse akukhala ngati akazi chitupa chikunena M, kapena ngati amuna chikunena F, kachilembo kameneka kamawaulula paliponse pomwe atulutsa chitupa, kuyambira pa rodibuloko mpaka pofunsira ntchito. Njira yosinthira palibe, ndipo lamulo la maukwati la 2015 lidachita kukhomerera kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi potengera m'mene adabadwira. Ku South Africa lamulo lolola kusintha lilipo kuyambira 2003. Ku Botswana khoti lalikulu lidalamula boma mu 2017 kuti lisinthe chitupa cha munthu wotere.

Tsopano kwa inu aphungu, pakuti mpira uli kwa inu ndipo adakupatsirani ndi oweruza. Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu a khoti loona za malamulo aakulu a dziko, atakhala ku Blantyre, adakana pempho la Jana Gonani ndi mzungu wina wa ku Netherlands loti magawo 153, 154 ndi 156 athetsedwe, n'kunena kuti wosakhutira apite ku Nyumba ya Malamulo. Kuphatikiza milandu iwiriyo kudasokoneza anthu, chifukwa mzunguyo ankayankha milandu yakeyake ndipo ambiri adayesa kuti pempholo n'loteteza ozunza anzawo. Kugwiririra ndi kugona ana zili ndi magawo awoawo, ndipo palibe wa ife amene akufuna amenewo afewetsedwe. Tikunena za akuluakulu awiri ogwirizana, m'nyumba mwawo.

Tayang'anani m'mene boma lakhala likuvinira pankhaniyi. Mu Disembala 2009 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga adamangidwa atachita chinkhoswe ku Blantyre. Pa 20 Meyi 2010 adagamulidwa zaka 14, pa 29 Meyi Bingu n'kuwakhululukira atangokumana ndi Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations, kuno ku Lilongwe. Chaka chisadathe aphungu adawonjezera gawo 137A. Mu 2012 mayi Joyce Banda adati malamulowa achotsedwa, ndipo mu Novembala nduna Ralph Kasambara adati apolisi asiye kumanga anthu, patangopita masiku n'kubweza mawu. Mu Disembala 2015 anyamata awiri atagwidwa ku Area 25, nduna Samuel Tembenu adalengeza kuti kumanga kwaimitsidwa. Mu Febuluwale 2016 abusa atatu adakatenga chiletso kukhoti lalikulu ku Mzuzu, kuimitsako n'kuimitsidwanso. Zikuoneka kuti chifundo chimabwera kukakhala mlendo wolemekezeka, mlendo akakwera ndege chimapita naye. Munthu sangakonze moyo wake potengera kuti sabata ino ku Kamuzu Palace kwabwera ndani.

Nkhani ya Tiwonge ndimaikumbuka ngakhale ndidali mwana wa kupulayimale. Manyuzipepala ankati amuna awiri, pomwe mwini wake ankanena kuti iye ndi mkazi, koma palibe adamumvera. Adakapeza malo othawirako ku South Africa. Dzina loti Aunt Tiwo lidatsala kuno ngati chitonzo cha pabwalo la sukulu, ndipo ndi lomwe ankamukuwira mnzanga uja mpaka adasiya sukulu. Ana aja sadawerengepo Penal Code. Adangoona zomwe akuluakulu adachita ndi munthu wotere, n'kutengera.

Mudzati ndi zachizungu. Ine ndidayamba kuyenda chowerama ndi juzi mu Okutobala ndisadagwirepo foni ya intaneti, ndisadaonepo mzungu pafupi. Chomwe chidachokera kwa azungu motsimikizika ndi Penal Code, yomwe atsamunda a ku Britain adatipatsa tikadali Nyasaland, eni ake n'kuyamba kuchotsa milandu imeneyi kwawo mu 1967. Mozambique, yomwe tagawana nayo malire, mitundu ndi zilankhulo, idachotsa mu 2015. Khoti la ku Botswana lidachotsa mu 2019, la apilo n'kutsimikiza mu 2021. Mu 2014 ku Luanda, bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu lidapanga chigamulo nambala 275 chopempha maiko athu kuti athetse nkhanza zochitira anthu chifukwa cha yemwe amamukonda kapena m'mene amadzimvera. Amenewo ndi Aafirika anzathu. Kunena zoona, inenso sindikondwa akazembe a maiko akunja akamatilankhulira n'kumaopseza za thandizo. Akatero, m'mawa mwake pamsika amatiloza kuti ndife ogulidwa, ndipo amene amalandira zibakera si kazembe. Ndikadakonda nkhaniyi tikadaikambirana tokha, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao.

Za mipingo sindikupempha kuti muzilowerere. Abusa aziphunzitsa zomwe amakhulupirira, inenso ndimapemphera ndipo nyimbo za m'buku ndimaziimba pamtima. Koma wapolisi, namwino wa boma ndi mphunzitsi wa boma amalipidwa ndi msonkho wa tonse, ndipo pa ntchito yawo buku lowatsogolera ndi malamulo a dziko. Zambiri zomwe mipingo imati ndi machimo, monga chigololo ndi kuledzera, boma silimangira munthu zaka 14.

Ndikudziwa kuti phungu amene angaimirire m'nyumbamo n'kunena kuti magawowa achotsedwe akuika mpando wake pachiswe. Sindikuyembekeza kuti zichitika mawa. Koma komiti yanu yoona za malamulo ili ndi mphamvu yoitana anthu n'kuwamva, ndipo mwakhala mukumva abusa, mashehe, mafumu ndi maloya akukamba za ife. Tiitaneni eni akefe. Mukhoza kudzera ku Malawi Human Rights Commission, kapena ku mabungwe ngati CEDEP ndi Nyasa Rainbow Alliance, amene akudziwa kotipeza. Muitanenso makolo athu ofuna kubwera, chifukwa nawonso ali ndi zoti anene, zina zotitsutsa. Tidzabwera, bola m'chipindamo musadzakhale makamera, mayina athu asadzalembedwe m'lipoti, ndipo apolisi a pageti adzauzidwiretu kuti alendo a tsikulo akatulutsa zitupa, ayang'ane chithunzi n'kuwalowetsa.

Ndine mwana wanu,
Wokonza mafoni wa ku Kawale, Lilongwe